Nsapato Zazikulu za Agogo

Panali mtsikana wina, dzina lake Kamphepo. Dzinali anamupatsa ndi agogo ake aakazi. Mwanayu kuyenda sankakudziwa. Ankangothamanga basi.

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti agogo asagwenso.

Agogo ankavala nsapato zachikopa. Nsapatozo zinali za malemu agogo aamuna. Mapazi a agogo anali aang'ono. Nsapato zinali zazikulu. Agogo akamayenda, ankachita kuzikoka. Khwe! Khwe! Khwe!

Tsiku lina agogo anathirira maluwa panja. Pobwerera anafika pa sitepe. Phazi linakwera. Nsapato inatsala. Agogo anagwa, khu!

Bondo linatupa. Chigongono chinasupuka.

Amayi a Kamphepo anapita nawo kuchipatala. Namwino anamanga bondo. Kenako anayang'ana mapazi a agogo.

"Lero fupa lapulumuka," anatero namwino. "Koma nsapato izi zidzakugwetsaninso. Mafupa a achikulire sachedwa kuthyoka. Muzivala nsapato zogwira chidendene."

Atafika kunyumba, amayi anati, "Amama, nsapatozi titaye."

"Titaye?" anatero agogo. "Uyambe wataya ine."

"Si choncho, amama."

"Ndi za bambo ako izi. Ndikazivala, ndimamva ngati tikuyenda limodzi."



Mawa lake amayi anagula nsapato zatsopano. Agogo anathokoza kwambiri. Anaziika bwinobwino pansi pa bedi. Kenako anavala zakale zija. Pa makani pokha, agogo sankachepa.

Kamphepo anachita mantha. Anayamba kuwatsatira agogo. Agogo kukhitchini, iye pambuyo. Agogo kubafa, iye pambuyo. Agogo pakhonde, iye pambuyo.

"Iwe, wasanduka mchira wanga?" anafunsa agogo.

"Ndikufuna ndikugwireni mukamagwa."

"Wachepa iwe. Tidzagwera limodzi."

Agogo ananena zoona. Komanso kunali sukulu. Kamphepo sakanawatsatira tsiku lonse.

M'mawa wina Kamphepo ankavala nsapato zake za kusukulu. Anamanga lamba wa kumanja. Anamanga lamba wa kumanzere. Kenako anaima. Nsapato zake sizinkavuka. Ngakhale athamange bwanji, sizinkavuka.

"Agogo!" anaitana Kamphepo. "Nsapato zanu zikusowa lamba. Tipite nazo kwa bambo osoka nsapato."

"Akandidulira."

"Mukawayang'anira nokha."

Agogo anaganiza. Anaganizanso. "Chabwino," anatero.

Loweruka ananyamuka. Agogo anavala nsapato zatsopano, kwa tsiku limenelo lokha. Kamphepo ananyamula zakale m'kathumba. Anayenda pang'onopang'ono. Kwa Kamphepo, imeneyi inali ntchito yaikulu.

Bambo osoka nsapato ankakhala pakona ya msewu. Anali ndi kabenchi. Anali ndi nyundo, ulusi ndi singano yaikulu. Anatenga nsapato imodzi. Anayang'ana phazi la agogo. Anaseka.

"Mayi, umu mungalowe anthu awiri!"

"Timalowamo awiri kumene," anayankha agogo. "Chikopacho musadule."

"Sindidula, mayi."

Bambowo anatembenuza nsapato. Kunsi kunali kutatha. Kunali see, ngati sopo.

"Uku nakonso kumagwetsa," anatero.

Anamata labala watsopano kunsi. Anaika siponji kutsogolo kwa zala. Anasoka lamba kuchidendene. Anamaliza ya kumanja. Anamaliza ya kumanzere. Agogo anayang'anitsitsa. Chikopa sichinadulidwe.

Agogo anavala. Kamphepo anagwada ndi kumanga malamba. Agogo anaimirira. Anakweza phazi. Nsapato inakwera nawo. Anakweza linalo. Nayonso inakwera nawo.

"Zandigwira," anatero agogo.

Anabwerera kunyumba. Agogo sanapunthwe ngakhale kamodzi. Mtima wa Kamphepo unakhala pansi.

Amayi anali pakhomo. Anayang'ana nsapato zija nthawi yaitali.

"Amama, tavulani," anatero.

Agogo anakwinya nkhope. "Ukufuna ukataye?"

"Ayi. Zachita fumbi. Ababa ankazikonda zowala."

Amayi anatenga polishi ndi burashi. Onse atatu anakhala pakhonde. Amayi anapukuta ya kumanja. Kamphepo anapukuta ya kumanzere. Agogo anakhala pakati, mapazi ali pamtunda.

"Kuchidendeneko simunafike," anatero agogo. "Bwerezani."

Amayi ndi Kamphepo anabwereza.