Ndani Akudya Moto wa Batire?

Watipaso ankakhala ku Mwazisi. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Amama ake anali ku chipatala, ku Rumphi boma. Anali atabereka mwana wamkazi. Watipaso anali asanamuone. Ankafunitsitsa kumuona.

"Loweruka tikawatenga," anatero adada ake, a Hezron. "Tidzapita pa galimoto."

Koma galimotoyo inali ndi vuto. M'mawa uliwonse inkakana kulira.

Adada ankapotoza kiyi. Galimoto inkangoti, "Nye, nye, nye... zii!"

Ankapotozanso. "Nye, nye... zii!"

Ndiye anthu ankabwera kudzakankha. Ana inu, galimoto ikamakankhidwa samaima kutsogolo kwake. Mwamva?

Lolemba anabwera anthu anayi. Lachiwiri anabwera awiri. Lachitatu anabwera mmodzi yekha.

"A Hezron, misana yatha," anatero munthuyo. "Nafe tili ndi fodya kumunda."

Adada anamuyang'ana Watipaso.

"Mwana wanga, ikakana Loweruka sitipita. Amama ako adzadikira kwa azakhali ako kuboma."

Misozi inalengeza m'maso mwa Watipaso.

Lachinayi kunabwera amalume Amock. Iwo ndi makaniki. Anatsegula boneti.

"Petulo alimo?"

"Alimo," anatero adada.

Amalume anagwedeza mawaya. Mawaya anali olimba. Anamanga mitu ya batire ndi sipanala. Watipaso anasendera pafupi.

"Iwe Watipaso, choka apo!" anakuwa agogo ake, a NyaMsowoya. "Madzi a batire amawotcha!"

Agogowo ankaopa zambiri. Ankaopa njoka. Ankaopa mphezi. Ankaopa njovu za ku Vwaza. Koma pa batire ananena zoona. Ana inu, batire saligwira.

Amalume anapukuta manja.

"Batire ndi labwino," anatero. "Galimoto ikayenda masana, limakhuta. Koma usiku pali chimene chikudya moto wake."

"Nyale ndimazimitsa," anatero adada. "Wailesi ndimazimitsa. Zitseko ndimatseka."

"Kaya ndi makoswe?" anatero agogo. "Ine ndinanena. Makoswe a kuno ndi oipa chomene."

Amalume anaseka. "Makoswe sadya moto, amama."

Watipaso anasuzumira m'galimoto. Pampando panali kanthu. Kanali kanthenga kakang'ono, kachikasu. Anakatola. Anakabisa m'dzanja.

Kanthenga m'galimoto? Kalowa bwanji?

Lachisanu Watipaso anadzuka tambala atangolira. Kunja kunkazizira. Anafunda chitenje cha amama. Anatuluka pang'onopang'ono.

Anaona galimoto. M'kati mwake munkayaka kanyale. Kankayaka mofooka.

Chitseko chinali chosatseka bwino. Wina anali atachitchinga ndi chitsononkho.

"Tsiyo, tsiyo, tsiyo!"

Watipaso anasendera. Anaona agogo. Ankatulutsa dengu m'galimoto. M'dengumo munali thadzi ndi anapiye asanu ndi atatu.

"Agogo!"

Agogo anadzidzimuka. "Iwe! Wandiopsa! Wavala nsapato? Mame amadwalitsa!"

"Agogo, anapiye akutani m'galimoto?"

Agogo analankhula motsitsa. "Ndimawagoneka muno. Vumbwe anadya awiri sabata yatha. Awa ndikusungira amama ako. Mayi woyamwitsa amafuna nkhuku."

"Nanga chitsononkhochi?"

"Kuti azipuma. Ukatseka, afa ndi kubanika."

Watipaso anayang'ana kanyale. Anayang'ana chitseko. Anachotsa chitsononkho. Anatseka chitseko.

Kanyale kanazima.

Anatsegula. Kanayaka.

Anatseka. Kanazima.

"Taonani, agogo. Chitseko chikakhala chotsegula, kanyale kamayaka usiku wonse. Ndi kamene kakudya moto wa batire."

Agogo anagwira pakamwa.

"Kakang'onong'onoka? Ine ndimayesa kamangoyaka kokha, ngati chiphaniphani."

Anakhala pansi, dengu pamiyendo.

"Mayo ine! Ndiye ndine ndamutsekera njira mpongozi wanga?"

Watipaso anawagwira dzanja. Dzanjalo linali lozizira.

"Simunadziwe, agogo. Tiyeni tikawauze adada. Tipite tonse."

Adada anamvetsera. Anayang'ana anapiye. Anayang'ana chitsononkho. Kenako anaseka mpaka kugwira mimba.

"Amama, bwanji simunandiuze?"

"Ukadakana," anatero agogo. "Vumbwe akadawamaliza."

"Pepani, amama. Lero ndikukhomerani bokosi."

Amalume Amock anabweranso. Anakankha galimoto pamodzi ndi anzawo awiri. Galimoto inalira. Adada anapita nayo ku Bolero. Batire linakhuta.

Masana adada anakhoma bokosi. Anaboola timabowo ta mpweya. Agogo anatiwerenga ndi chala.

"Onjeza kamodzi," anatero.

Adada anaonjeza.

Madzulo anapiye analowa m'bokosi. Bokosi linalowa m'nyumba. Watipaso anapita kugalimoto. Anatseka chitseko ichi. Phaa! Anatseka chitseko icho. Phaa! Kanyale kanazima.

Loweruka linafika. Kunja kunkazizirabe. Panalibe wokankha ngakhale mmodzi.

Adada analowa m'galimoto. Watipaso anakhala pambali pawo. Agogo anatseka maso.

Adada anapotoza kiyi.

"Vuuum!"

"Yalira!" anakuwa Watipaso. "Agogo, yalira!"

"Yewo, Ambuye," anatero agogo. "Hezron, uyendetse pang'onopang'ono! Watipaso, usatulutse mkono pawindo!"

Anabwerako dzuwa litapendeka. Amama anatsika atanyamula mwana. Agogo analulutira. Kenako anayamba.

"Mwamufunditsa? Mphepoyi ndi yoipa!"

Watipaso anakhala pamphasa. Amama anamuikira mwana m'manja. Anali wopepuka. Anali wofunda. Anagwira chala cha Watipaso.

"Gwira mutu!" anatero agogo. "Mutu wa khanda sausiya!"

"Ndagwira, agogo."

Agogo anatembenuka. Anayang'ana galimoto. Anadzuka msanga. Anapita n'kukankha chitseko ndi manja awiri.

Phaa!

Kanyale kanazima. Onse anaseka.