Tiyi Wothetsa Ululu wa Phewa

Anakumana pa siteji ya basi, tsiku limene phewa la mtsikana woluka tsitsi linakana kunyamula chikwama. Mnyamata wogulitsa ayezi anachitola asanapemphedwe.

"Manja okongola chonchi si onyamulira katundu, asisi."

Pakamwa pake panali pothira shuga, ndipo mtsikana anagwa m'chikondi mosakoka nthawi.

Pamene madokotala ankanena kuti phewalo latha, amuikira lachitsulo, awiriwa n'kuti akuitanana kale "wapamtima". Koma mtsikana ankaopa chinthu chimodzi kuposa mpeni wa dokotala: mapiritsi amphamvu opha ululu, aja thupi limawazolowera. Mchimwene wake anawayamba atathyoka mwendo, osawasiyanso, mpaka anam'peza atauma m'bafa.

"Ndilonjeze. Ngakhale ndilire bwanji, amenewo usadzandipatse."

"Ndalumbira, duwa langa. Ululu wakowo tidzagawana."

Kugawana ululu? Anyamata pa malonjezo simungawathe!

Atatuluka m'chipatala, mkono uli pa lamba wa m'khosi, anaona zakuda. Ankagona chokhala pampando, pilo ali kunsi kwa chigongono. Ankamwa panado ndi mapiritsi ochepetsa kutupa, kuika paphewa ayezi wokulunga m'thawulo, kupuma mozama monga anam'phunzitsira anesi. Ululu unkazilala pang'ono, kenako n'kubwerera ngati wina akukhoma msomali.

Foni inkalira: "Pirira, mtima wanga. Ayezi ali m'njira."

Mnyamata ankabweradi, koma akamuona akulira ankatembenukira kukhoma. Kenako anayamba kum'phikira tiyi wa shuga wambiri. Mtsikana akangomwa, ululu zii! Thupi kupepuka, tulo tokoma.

"Chikondi chako ndi mankhwala, wapamtima," ankatero akusinza.

M'mawa wina mnyamata anachedwa. Mtsikana anayamba kutuluka thukuta, kuyasamula kosalekeza, miyendo yosakhazikika. Mantha anam'gwira. Kodi si mmene ankachitira achimwene? Kodi iye akudikira munthu kapena tiyi?

Mnyamata atafika, mtsikana anam'tsatira mwakachetechete kukhitchini. Anam'peza akuphwanya piritsi ndi kumbuyo kwa supuni.

"Chimenecho n'chiyani?"

Supuni inagwa pansi.

"Ndi otsala a amalume, a nthawi ija anachitidwa opaleshoni. Kulira kwako kumandipha, duwa langa! Ndinkaika pang'ono chabe."

"Ngakhale achimwene anayamba ndi pang'ono! Mtembo wawo ndinauona ndine, iwe sunaliko."

"Ndimakukonda..."

"Tuluka!"

Mnyamata anatola chikwama chake cha ayezi, misozi ili mbwembwembwe, n'kutuluka. Mtsikana anaimbira mayi ake foni.

"Amayi, bwerani msanga mundiperekeze kuchipatala. Musazime foni, muzindilankhula."

"Bwanji mwanangu? Phewa lija?"

Mtsikana anayang'ana ufa woyera wa piritsi lija patebulo, malovu atadzaza m'kamwa.

"Ayi, amayi. Tiyi wake uja ndikumufuna."