Bedi Limodzi, Anamwino Awiri

Bambo Alufandika analakwa, ndipo masiku ano sakananso. Kulakwa kwawo kunayambira pa bedi.

Kuseri kwa nyumba yawo ku Kuwadzana kunali kachipinda. Ankakachititsa lendi kwa anamwino oyendayenda, aja amabwera mu Harare kudzagwira ntchito miyezi yochepa m'makiliniki a anthu, kenako n'kupita kwina. Tsiku lina nzeru inawabwerera: wa shifiti ya usiku amagona masana, wa masana amagona usiku. Nanga bedi lizikhaliranji lokha? Anaikamo awiri. Usiku kunkagona Febbie. Masana kunkagona Rebeka, mtsikana wa ku migodi ya ku Kadoma, amene agogo ake anachokera ku Dedza monga makolo a Alufandika. Anthu akutchalitchi ndiwo anamulozera kumeneko. "Ndi akwanu amenewo, akakusunga."

Lamulo linali limodzi. Geti likatsekedwa madzulo, wa shifiti ya usiku asaoneke mpaka kutacha.

Madzulo a tsikulo anali ngati ena onse. Magetsi anali atathima. Rebeka anatuluka atavala yunifolomu yoyera, juzi paphewa, poti kunkazizira.

"Mukagwire bwino, sisita."

"Zikomo bambo. Tionana kukacha."

Koma kukiliniki anamubweza. Laisensi yake ya unamwino inali itatha, yatsopano isanatuluke, ndipo mwini kiliniki anali atamva kuti oyendera zipatala akubwera. Anamuuza kuti abwerere kunyumba mpaka pepalalo litatuluka. Anakwera minibasi yomaliza n'kudzaima pageti.

"Gogogoi," anatero m'Chishona. Kenako motsitsa, m'chinenero chakwawo: "Odi, bambo. Ndine Rebeka."

Alufandika anali maso. Anaganiza za Febbie, amene anachenjezeratu kuti akadzamusokoneza tulo adzasamuka. Anaganizanso kuti ukatsegula kamodzi ndiye kuti lamulo latha. Akazi awo, mayi Dolly, anali ku Mbare kwa mchemwali wawo, kotero panalibe wowadzudzula. Anakoka bulangete mpaka kumutu.

Kugogoda kunapitirira. Kenako kunaleka.

Kutacha anthu anapeza Rebeka atafa m'mbali mwa msewu wa ku Bulawayo, galimoto itamugunda n'kuthawa. Akuti ankalowera kutauni wapansi, mwina kukagona pa Mbare Musika pamodzi ndi odikira mabasi. Apolisi atafunsa, Alufandika anati anali m'tulo. Kumaliro ku Kadoma ananenanso zomwezo, mayi ake a mtsikanayo atawagwira dzanja, akuwathokoza powasungira mwana.

Woyamba kudandaula anali Febbie.

"Bambo, mwaikamo wina wogona masana osandiuza?"

"Ayi, sisita. Ndani?"

"Nanga bedi likumafunda bwanji? Ndikafika madzulo pilo amakhala atalowa pakati, ngati munthu wangodzuka kumene."

Anasamuka sabata yomweyo. Chantelle, amene analowa pambuyo pake, sanathe mwezi. Iye anati akamalowa madzulo amaphonyana ndi nesi wina pakhomo, wosapereka moni. Nkhani inayenda pa mafoni a anamwino, ndipo palibenso anabwera kudzafunsa malo. Alufandika anatulutsa bedi lija n'kuligulitsa. Masana ena analowamo, nagwira pansi pamene linali. Simenti inali yofunda.

Kuzizira kutabweranso, kugogoda kunayamba. Sikunali kwamphamvu. Kunali kwa munthu wosafuna kuvutitsa.

"Mukumva, mayi?"

"Ndikumva inuyo, mukupuma ngati mwathamanga," anatero mayi Dolly. "Gonani."

Abusa anabwera, anapemphera, anawaza madzi pageti. Oyandikana nawo ankanong'ona pa mjigo kuti wofera panjira sasiya khomo limene linamukana. Alufandika anayamba kuwonda. Buluku ankalimanga ndi chingwe.

Usiku wina anatopa. Anadzuka osavala nsapato, natenga kiyi ndi tochi ya pafoni. Kunja kunali zii, ngakhale agalu a mumsewu wonse osauwa. Loko anavuta kutseguka. Geti linalira.

Anali pomwepo. Yunifolomu yoyera bwino, juzi paphewa. Phazi limodzi linalibe nsapato. Mphepo inabweretsa fungo la sipiriti wa kuchipatala. Sanawayang'ane kumaso. Maso ake anadutsa paphewa pawo, kuloza kachipinda kaja.

"Lowani, sisita," anatero Alufandika. "Chipinda chilibe munthu."

"Sikunache, bambo. Ndidikira."

"Za lamulo zija zinatha. Lowani mugone."

"Ayi, ndingasokoneze mnzanga. Akuti ndidikire laisensi basi. Ikangotuluka ndibwerera kuntchito, sindidzakuvutitsaninso usiku."

Alufandika anatsamira geti. Kodi laisensi ya munthu wakufa imatuluka ku ofesi iti? Apo anadziwa kuti geti lingakhale lotsegula mpaka iwo kulowa m'manda, mtsikanayo sadzalowa, ndipo sadzachoka.

"Pepani kukudzutsani," anatero Rebeka. "Ndikudziwa kuti munali m'tulo. Munthu wamkulu amatopa."

Tochi inagwa pansi n'kuzima. Kumbuyo kwawo chitseko chinatseguka, mayi Dolly ataima pakhomo ndi kandulo, akuona amuna awo atagwada pa geti lotsegula, kutsogolo kwawo kuli msewu wokhawokha. Alufandika anadziwa kuti akazi awo akumva. Sanatsitse mawu.

"Sindinali m'tulo, mwana wanga. Ndinakumva kuyambira pamene unayamba kugogoda, ndipo ndinafunda kumutu. Ndinanamiza apolisi. Ndinanamiza mayi ako atandigwira dzanja. Galimoto ija inangomaliza, koma wokupha ndine. Pepa, Rebeka."