Mawu a M'foni ya Atelala

Nachaja anatseka kashopu kake nthawi itadutsa kale 11 koloko usiku. Loko anachita kumumenya ndi chibakera kuti agwire, ndipo atatembenuka anapeza msika wonse uli zii, mabenchi ataphimbidwa ndi mapulasitiki, alonda awiri akuwodzera pafupi ndi moto wa makatoni. Minibasi zinali zitasiya kale kuyenda. Kunyumba kunali ulendo wa ola lathunthu wapansi, kudzera kuseri kwa manda ndi pamlatho, koma za mtunda iye analibe nazo ntchito. Maganizo ake onse anali pa kafoni kakale kamabatani, komanga ndi mphira, kamene kanali m'chikwama mwake.

Dzina loti Nachaja anamupatsa ndi anzake a mumsika, poti mayiyu anali atakonza mafoni zaka khumi ndi ziwiri. Ankasintha masikirini ndi masipika ngati mmisiri wina aliyense, koma anatchuka kwambiri ndi kuika kaliridwe ka foni. Kwa iye kunkabwera mkazi wofuna kuti apongozi akaimba foni izilira ngati ambulansi, kunkabweranso bambo wofuna kuti nambala inayake isamalire n'komwe akakhala kunyumba. Zinsinsi za m'mafoni a anthu sankaulula, koma pa nkhani zina zonse pakamwa pake panalibe chitseko. Lamulo lake linali limodzi, ndipo ankanyoza nalo amisiri anzake poyera: usanakhudze chilichonse m'foni ya munthu, yamba wakopera zonse pakompyuta.

Kafoni kaja kanali ka Atelala, nkhalamba yosoka zovala pakhonde la sitolo ya nsalu kumapeto kwa msika. Anabwera nako masana a tsikulo, atakakulunga m'kansalu, n'kunena kuti foni yawo yasiya kulira. Nachaja anaiimbira ndi foni yake, ndipo inalira mpaka wogulitsa maloko pafupi apo anatembenuka. Atelala anapukusa mutu.

"Si kulira kumeneko, mayi. Imayenera kulankhula."

Anafotokoza kuti mwana wawo wamwamuna, mmodzi yekhayo, anajambula mawu ake m'fonimo kuti iye akaimba, bambo ake azidziwiratu. Tsopano zaka zinali zitakwana zisanu ndi ziwiri mawuwo osamveka. Nachaja anawauza mosapsatira kuti mawu otere amawamangirira ku nambala imodzi, ndiye ngati sakumveka, foni ilibe mlandu, mwini nambala ndiye sakuimba. Anatsala pang'ono kuwonjezera zimene ankaganiza za ana otaya makolo, koma ataona nkhalamba itagwetsa nkhope, anameza mawuwo. M'malo mwake anafufuza m'memore khadi, anapeza kafayilo kamodzi, n'kukatsegula.

"Bambo, ndine! Yankhanitu, foni siluma!" Kenako kuseka kwa mnyamata wosadziwa mavuto.

Atelala anagwira tebulo ndi manja onse awiri. Zaka zonsezo sankadziwa kuti mawuwo munthu angathe kuwamvera popanda wina kuimba. Anapempha kuti awamvenso, n'kupemphanso kachitatu. Nachaja, amene chifundo chake chinali chosowa ngati mvula ya m'chilimwe, anamva chisoni. Anawalonjeza kuti akonza kuti aliyense akaimba, kaya kasitomala wa thalauzi kaya wolakwitsa nambala, foni izilankhula ndi mawu a mwana wawoyo. Nkhalamba inabwerera ku makina ake ikumwetulira, itanena kuti idzatenga foni m'mawa.

Inali ntchito ya mphindi imodzi, ndipo n'chifukwa chake sanakopere kanthu. Makasitomala anali atadzaza pakhomo, wina akufuna chaja, wina akukalipa za sikirini. Khadi lokalambalo linakana kutseguka kachiwiri, foni n'kulemba funso loti ilifomate, kutanthauza kusesa zonse zili momwemo. Chala cha Nachaja, chozolowera kudina kambirimbiri pa tsiku, chinavomera mwini wake akuyankha munthu wina. Pamene maso ake ankabwerera pa kafoniko, khadi linali mbee.

Anathamangitsa makasitomala, anatseka chitseko, n'kukhala pakompyuta kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka usiku. Mapulogalamu onse obwezera zofufutika anawayesa. Chimene chinabwerera ndi chithunzi chimodzi chosaoneka bwino ndi theka la nyimbo ya kwaya basi. Madzi akatayika saoleka.

Ndiye anali kuyenda tsopano mumsewu wopanda anthu, akukonza mabodza n'kumawagwetsa yekha. Akanatha kunena kuti khadi linali lakufa kale, ndipo nkhalambayo ikanavomera, poti za mafoni sinkadziwa kanthu. Koma chala chinali chake. Munthu anasunga mawu a mwana wake zaka zisanu ndi ziwiri m'kafoni komanga ndi mphira, osawataya, n'kudzawataya iye katswiri wa msika wonse m'kuphethira kwa diso. Mtima unamuwawa kwambiri moti analira poyenda, mayi wamkulu ndithu, misozi ikutsikira m'khosi.

Atafika pampanda wa manda, magetsi a mumsewu anathera pomwepo. Kutsogolo kunali mdima wa ndiweyani. Anayatsa tochi ya foni yake n'kuwonjezera liwiro. Agalu amene ankauwa kumbuyo anangoti zii nthawi imodzi, ngati wina wawatseka pakamwa.

M'chikwama munayamba kunjenjemera.

Anaima. Foni yake inali m'manja. Anatsegula chikwama pang'onopang'ono... kafoni ka Atelala kanali katayaka! Anali atakazimitsa yekha asanatseke shopu. Pasikirini panalibe dzina. Panalibe nambala. Kanangonjenjemera katatu, n'kusiya.

Anayenda. Sanayang'ane kumanda. Anamva madzi a mumtsinje, anadziwa kuti mlatho wayandikira. Tochi yake inaphethira kawiri n'kuzima, chonsecho batire linali lodzaza.

Pakati pa mlatho panali munthu.

Anali atakhala pachitsulo cha m'mbali, kachikwama ka paulendo kali pamiyendo. Malaya ake oyera okha ndiwo ankaoneka, nkhope ayi. Nachaja anafuna kubwerera, koma kumbuyo kunali manda. Anayenda chokwawa m'mbali inayo, mpweya ataugwira. Phazi limodzi... lachiwiri...

"Achemwali, foni ya bambo anga muli nayo inu."

Mawu amenewo! Anali atawamva katatu masana omwewo. Anali omwe aja, kungoti kuseka kunali kutachokamo.

Munthu wina akanakomoka, koma uyu anali Nachaja. Atangozindikira kuti akulankhula ndi mwana wa Atelala, mantha anasanduka ukali, ndipo anamusambitsa chokweza pamlatho pomwepo. Anamufunsa ngati zala zake zinaduka kuti alephere kudina nambala ya bambo ake zaka zisanu ndi ziwiri. Anamuuza kuti nkhalamba ikuzungulira kwa amisiri ndi foni yabwinobwino, kuinamizira matenda pofuna kubisa manyazi a mwana wopanda mtima, mwanayo ali phee pamlatho kupuma mphepo usiku. Mnyamatayo anamvetsera atazyolika mpaka mayiyu mawu anamuthera.

"Ndinawalonjeza kuti ndiimba," anatero motsitsa. "Ndimayesa usiku uliwonse. Sizidutsa. Nambala yanga a kampani ya mafoni anaipereka kwa munthu wina."

Nachaja anati ngati ndi choncho, abwere kumsika m'mawa akaonane ndi bambo ake maso ndi maso.

"Ine mlathowu sindiwoloka."

Ananena ngati munthu wonena za nyengo. Mphepo yozizira inadutsa, ndipo ukali wa Nachaja unapita nayo. Kenako anaulula mlandu wake, kuti mawu aja wawafufuta ndi dzanja lake ndipo sakudziwa kuti akawayang'ana bwanji bambo ake kumaso.

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndakudikirani. Tsegulani pojambulira mawu."

Nachaja anatulutsa kafoni kaja n'kumupatsa kuti agwire yekha. Mnyamatayo manja sanawatambasule. Anangoweramitsa mutu, ndipo Nachaja anayandikitsa foni pakamwa pake n'kudina batani. Dzanja lake linazizira ngati waliika m'firiji. Munthu akamalankhula pafupi ndi dzanja lako, mpweya wake umaumva. Apa panalibe mpweya.

Mnyamatayo anayamba kulankhula, koma nthawi yomweyo chilole chinatulukira pakona ndi chiphokoso, mlatho wonse n'kugwedezeka. Nachaja sanamve liwu ngakhale limodzi. Nyali za lole zinasesa mlatho kuchokera uku kufika uko.

Pachitsulo panalibe munthu!

Anayang'ana kumanja. Kumanzere. Pansi, m'madzi akuda. Palibe. Anali yekha, dzanja litatambasuka, kafoni kakuonetsa kuti kajambula masekondi khumi ndi anayi. Anadina posunga, n'kuliyatsa liwiro. Sanaime mpaka atatseka chitseko cha nyumba yake n'kutsamirapo.

Usiku umenewo sanagone. Kumvera zimene anajambulazo ali yekha m'nyumba, mtima unamukanira. Anangowaika mawuwo kuti akhale kaliridwe ka aliyense woimba, monga analonjezera, n'kukhala pampando magetsi onse ali oyaka kufikira kunja kutacha.

M'mawa sanapite kukatsegula shopu. Analunjika kukhonde la sitolo ya nsalu, kumene anapeza Atelala atayamba kale kupalasa makina, tepi ili m'khosi, akupinda miyendo ya thalauzi. Anagwada pafupi nawo, chinthu chimene msika wonse unali usanachionepo, n'kunena zonse osazungulira: kuti sanakopere, kuti anafomata khadi, kuti mawu aja anapita. Phazi la Atelala linaima. Sanakalipe. Anangoyang'ana nsalu ili pamakina, ndipo Nachaja akanakonda kumenyedwa mbama kusiyana ndi kuona nkhope imeneyo.

Anafulumira kuwauza kuti pali mwayi, wakumana ndi mwana wawo usiku ndipo wajambulanso mawu ena. Anawonjezera kuti wamukalipira mokwanira, mwina tsopano aphunzira ulemu.

"Mwakumana naye kuti, mayi?"

"Pamlatho uja wa kuseri kwa manda."

Atelala anavula magalasi awo pang'onopang'ono. Nachaja anaika kafoni pamakina osokera, anatenga foni yake n'kuimba. Kanayaka, kananjenjemera, kenako kanalankhula.

"Bambo, ndine. Ndinafika, pepani ndachedwa kukuuzani. Musamagonenso pampando pondidikira. Kagoneni pabedi, bambo, msana wanu uja."

Mawuwo anabwereza kawiri foni n'kuduka yokha. Nkhalamba inali italumikiza manja pachifuwa, misozi ikugwera pa thalauzi la mwini wake. Patapita nthawi inayamba kulankhula, osayang'ana Nachaja. Inati mwanayo anali atapeza ntchito kutali, ndipo ananyamuka madzulo kukakwera basi ya usiku. Potsazika anati, musagone bambo, ndikafika ndiimba. Iwo anakhala pampando, foni ili pabondo, mpaka m'mawa pamene apolisi anagogoda pachitseko. Mwanayo ngakhale kudepoti sanafike. Lole inamugunda akuwoloka mlatho womwewo.

"Zaka zisanu ndi ziwiri zapita. Ali m'manda aja a pafupi ndi mlatho, mzere wachitatu kuchokera pageti. Pabedi sindinagoneponso kuchokera tsiku limenelo."

Nachaja anamva ngati pansi pamuthawa. Mawu onse amene anamulalatira nawo mnyamata uja anamubwerera limodzilimodzi. Anafunsa Atelala chifukwa chimene sanamuuzire dzulo kuti mwanayo anamwalira.

"Amisiri ndikawauza zoona, amandibwezera foni osaitsegula n'komwe," anatero Atelala. Anapukuta maso ndi kachidutswa ka nsalu. "Imbaninso, mayi."

Nachaja anaimba, foni yake ili pakhutu. Mawu aja anayambanso, koma ulendo uno Atelala sanawasiye kuti athe. Anatola kafoni ndi manja awiri, anafufuza batani lobiriwira ndi chala, anadina, n'kuika kukhutu.

"Ndamva, mwana wanga," anatero. "Wafika bwino, eti? Ine ndinadikira, sindinagone."

Kenako anapendeketsa mutu mbali imodzi, kudikira yankho. Nachaja ankamva kupuma kwa nkhalambayo m'khutu mwake. Anatseka pakamwa ndi dzanja kuti kulira kwake kusamveke m'fonimo, ndipo sanadule.