Nthenga Yakuda M'mapiko a Mngelo

Aphunzitsi Alufeo anali ndi malaya amodzi okha, ndipo akawachapa ankabisala kuseri kwa nyumba mpaka aume. Kuno ku mapiri a Dedza, kumene dzuwa limagona m'chifunga, kuumako kunkadya tsiku lonse! Malipiro awo a pasukulu ya mishoni anali kansalu ndi kamchere. Pomwe mnzawo wa paubwana, a Ezara, anali atabwera ku Halale ndi jekete, nsapato ndi njinga ya belu. Belulo likati ngirii! podutsa pasukulu, ana onse ankatembenuka, mtima wa aphunzitsi n'kumawawa ngati wathiridwa tsabola.

Chaka cha 1913, Bambo wa ku mishoni analamula kuti pa Khirisimasi ana achite sewero la kubadwa kwa Yesu, loyimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ha, ntchito yake! Abusa ankaiwala poyima. Mafumu atatu ankamenyana polimbirana chisoti cha chitini cha palafini. Tiana tosewera nkhosa tinkangoseka, denga n'kumadonthera pa Yesu wa chitsononkho.

"Yambaninso!" ankakuwa aphunzitsi. "Iwe Yosefe, ukuyimba kapena ukuitana agalu?"

Tsiku lina belu lija litalira katatu, anabalalitsa ana dzuwa lili pamutu, ulendo wa ku Mphunzi. Kumeneko, kuphanga la zojambula zoyera, kunkakhala sing'anga wina dzina lake a Dziwani.

"Mphunzitsi wa azungu kuno?" anatero mkuluyo. "Kolona mwaisiya kuti?"

"Ili m'thumba, agogo. Ndatopa nawo malaya amodzi."

"Mbuzi muli nayo?"

"Ayi."

"Nanga muli n'chiyani?"

"Ana oyimba basi. Komanso si anga, ndi a eni."

A Dziwani anamwetulira. "Za eni ndiye zokoma. Sewero lanulo lili ndi mngelo, eti?" Anasolola nthenga ya khwangwala m'nsupa. "Muisokere pakati pa nthenga zoyera za mapiko ake. Mwana akavala mapikowo n'kuyimba, mawu ake abwera kwa ine, chuma chipita kwa inu. Mawu si magazi, aphunzitsi. Anafa ndani ndi kukhala chete?"

"Ndikakhuta ndingaleke?"

"Mukakhuta!" Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. "Imvani izi. Tsiku la sewero mapikowo asakhudze pansi, avalidwe ndithu. Wovala tsiku limenelo ndidzamulanda mawu ndi mutu womwe. Mukasowa wovala, nthenga idzasankha yokha. Njira ya kwanu yaidziwa kale."

Aphunzitsi anapanga mapiko a nsungwi ndi nthenga za nkhuku, yakuda ija n'kuibisa mkati.

Woyamba kuvala pokonzekera sewero anali Jenifa, mtsikana amene mawu ake ankamveka kutsidya kwa dambo. Anayimba "Musaope abusa inu," ndipo ngakhale nkhosa zinaleka kuseka. M'mawa mwake atatsegula pakamwa panangotuluka mpweya. Mayi ake anati n'chimfine cha m'chifunga. M'mawa womwewo mbuzi zopanda mwini zinalowa zokha pakhomo pa aphunzitsi.

Apa n'pomwe akanalekera. Koma belu la a Ezara linaliranso.

Anamuveka Magadalena, kunabwera ng'ombe. Anamuveka Ndapeza, mwana wa a Ezara omwewo, ndipo amtengatenga anatula mitolo ya nsalu pakhonde, osadziwa ngakhale amene anawatuma. Aphunzitsi anagula jekete, nsapato ndi njinga. Njingayo anaiika mabelu awiri!

Koma pansi sankakhalapo. Akakhala, adzuka. Akayamba kudya, asamba m'manja. Atsikana atatu aja ankabwerabe pokonzekera sewero. Ankakhala kumbuyo, ndipo ikafika nyimbo ya mngelo milomo yawo inkayenda pamodzi, osaphonya, kuli zii.

"Bambo a Tisunge," anatero akazi awo a Elena, "ziweto zanuzi sizidya udzu. Zimangoyang'ana kusukulu."

A Ezara anaimitsa aphunzitsi panjira. "Alufeo, ine njinga yanga ndinaikumba pansi pa mgodi zaka zinayi. Iwe yako unaikumba kuti? Mwana wanga anapita kusukulu kwako ali ndi mawu."

Makolo anayamba kunong'onezana. Aphunzitsi anayenda khomo ndi khomo atanyamula nsalu, kufuna mngelo wa tsiku la sewero, koma aliyense ankati, "Wanga akhale nkhosa." Wofuna analipo mmodzi yekha, mwana wawo Tisunge.

"Ababa, nyimbo ya mngelo ndikuidziwa yonse! Tamvani ndiyambe."

"Tseka pakamwa! Iwe ndiwe nkhosa. Nkhosa basi!"

Aphunzitsi anazula nthenga yakuda ija n'kuitaya mumtsinje. Kutacha inali m'malo mwake, yonyowa. Anaiponya pamoto, inabwerera ikununkha utsi. Pomaliza anatsomeka mapikowo kudenga la sukulu, n'kulengeza kuti sewero likhala lopanda mngelo.

Tsiku linafika. Anthu anachokera ku Mayani ndi midzi yonse, Bambo anabwera pa bulu, mvula inaleza mtima. Ndipo sewero linayenda bwino, anthu inu! Yosefe sanaitane agalu. Mafumu anagawana chisoti mwamtendere. Aphunzitsi anali kutsogolo kwa nsanja, dzanja likukwera ndi kutsika, thukuta kamukamu m'jekete.

Abusa atagona pakati pa nkhosa zawo, mphasa yotchinga inasuntha. Anatulukira Tisunge, mapiko ali kumsana, nkhope ikuwala.

"Zikomo ababa!" ananong'ona. "Ndawapeza pogona panga m'mawa!"

Anakoka mpweya kuti ayambe.

Aphunzitsi analumphira pansanja, anamutseka pakamwa, n'kudula zingwe ndi mano. Mapiko anali m'manja mwawo. Pansi sakanawaika. Anayang'ana ana onse, mmodzimmodzi, ndipo ana anabwerera m'mbuyo. Basi anawakoleka pa jekete lawo.

Anthu anafa nacho chiseko. Mngelo wandevu! Koma aphunzitsi atatsegula pakamwa, chiseko chinaduka. Mawu amene anatuluka anali a Jenifa. Kenaka a Magadalena, kenaka a Ndapeza, onse atatu pakhosi limodzi: "Musaope abusa inu." Panalibe wofunika kumuuza kanthu. Mudzi wonse unadziwa kumene mbuzi zinachokera.

Ndiye tamvani chokoma! Nyimbo itangotha, kumbuyo kuja Jenifa anatsokomola, n'kukuwa kuti, "Amayi!" Magadalena anakuwa, Ndapeza anakuwa! Nthungululu zinamveka mpaka kuphiri, a Ezara anataya chipewa m'mwamba osachitolanso, atsikanawo ankalankhula onse nthawi imodzi, zilizonse, mayina a anzawo, mayina a agalu, bola kumva mawu awo! Mpaka lero Jenifa satseka pakamwa, ndipo palibe womuletsa.

Aphunzitsi okha anatsala pansanja, pakamwa pali yasa, popanda mawu. Pofika madzulo khola linali mbee, m'mitolo ya nsalu munali masamba ouma a nthochi, njinga itadyeka ndi dzimbiri.

Tsopano amakhala pachitunda cha kuseri kwa sukulu, atavala nsungwi zothothoka nthenga. Amandandalika miyala m'mizere, n'kumaikwezera dzanja kuti iyimbe. Ikakhala chete amagwedeza mutu, milomo n'kumati, "Yambaninso." Tisunge amawapititsira chakudya tsiku ndi tsiku. Samuzindikira, koma akamuona amamukankhira kutali ndi mapikowo, n'kumulozera poyima nkhosa.

Anzanga, dyera ndi lotere. Limayamba ndi ana a eni chifukwa kumeneko sikupweteka, koma njira ya kwanu limaidziwa. Aphunzitsi anapulumutsa mwana wawo, inde, koma anali atagulitsa kale atatu amene anapatsidwa kuti awasunge. Kuli bwino kudikira malaya amodzi aume kusiyana ndi kuvala jekete losokedwa ndi mawu a ana a anzako.