Atombolombo a M'dzenje la Njerwa

Dzuwa linali litapendeka pamene mkazi wa woumba njerwa anatsikira kudzenje kukatsukuluza zovala. Dzenjelo analikumba mwamuna wake, ndipo mvula itagwa linasanduka dziwe lonunkha ndere. Pamadzipo pankauluka atombolombo ofiira ngati magazi, mapiko oonekera mbee. Wina ankatsika n'kumagunditsa mchira pamadzi, kuikira mazira.

"Ofiira chonchi sindinawaonepo," anatero.

Mlamu wake, mchemwali wa mwamunayo, anaseka. "Inunso alamu, mwayamba kuopa ntchentche zazitali?"

Woyamba kumwalira anali kalipentala wa m'mudzimo. Tombolombo anamutera paphewa masanasana akupala thabwa. Linamugwira ludzu losamva madzi, kumwa ndowa yathunthu milomo ili gwa, ndipo tsiku lachinayi anatsirizika. Omusambitsa anatuluka atagwira pakamwa. Ankanong'ona kuti mtembo unali wopepuka ngati khoko, msana utang'ambika kuyambira m'khosi.

Mkazi wa woumba njerwa uja atamva, anakumbukira. Zoterezi ankaziona pabango la kudzenje: kachilombo ka m'matope kamakwera, msana n'kung'ambika, tombolombo n'kutuluka, khoko n'kutsala likugwirabe bango.

Anatsatira mphunzitsi, kenako mwana wa telala. Anthu anakwirira dzenje lija. Anathamangitsanso mkulu wokonza mjigo, ati ankayankhula yekha m'njira. Maliro sanaleke, ndipo pazingwe zoyanikira zovala atombolombo ankangondandalika phee, ngati akudikira.

Tsiku lina woumba njerwa uja anabwera kuchokera kuuvuni wa njerwa mawu atasasa.

"Mkazanga, madzi."

"Mwamwa kale chigubu chonse."

"Mumsanamu muli chinthu. Chikukanda."

Mkaziyo anakhuthula mgolo wa m'khitchini. Pansi pake pankakwawa tizilombo totuwa ta maso otuzuka. Kuchipatala anamuyeza bamboyo, matenda osawapeza. Anamwalira Lachisanu masana, mutu uli pamiyendo ya mkazi wake, yemwe anamva kumsanako kukulira ngati pepala likung'ambika pang'onopang'ono. Sanayang'ane.

Patapita sabata anapita kumjigo m'mawa. Mlamu wake anali pomwepo, akusenzetsa amayi ndowa mwaulemu wake wa masiku onse. Koma asananyamule ndowa iliyonse ankafumbatula dzanja pamwamba pa madzi, timazira ting'onoting'ono n'kumagweramo.

"Musamwe madziwo," anatero wamasiyeyo. "Onani m'manja mwa mlamu wangayu."

Mlamu anatambasula manja onse awiri. Anali onyowa, opanda kanthu.

"Chisoni chawasokoneza mutu, musawakwiyire," anatero mofatsa.

"Bambo tinawathamangitsa aja analakwanji?" anafunsa mkazi wa telala. "Lero mukufuna wina?"

Amayi ananyamuka mmodzimmodzi, madzi akukhavukira m'mapewa. Panatsala awiriwo ndi ndowa imodzi yodzaza. Mlamu anaigwira m'mphepete.

"Weramani alamu, ndikusenzetseni. Ana kunyumba akudikira madzi."

Mudzi wonsewo unalibe chitsime china. Wamasiyeyo anawerama.