Amayi, Nunkhizani Duwa

Kamphepo ndi kamtsikana kothamanga. Kusukulu amathamanga. Kunyumba amathamanga. N'chifukwa chake amamutcha Kamphepo.

Tsiku lina Kamphepo sanasangalale. Amayi ake sankaseka. Iye ankafuna kuti amayi aseke.

Amayi ake ndi atelala. Tsikulo ankasoka diresi lobiriwira. Mwini diresi anati abwera madzulo. Koma diresi linalibe mikono.

Makina ankalira, tiki-tiki-tiki. Kenako anaima. Ulusi unapiringizika. Amayi anakoka ulusi. Ulusi unaduka.

Kamphepo analowa akuthamanga. Anagunda chitini cha mabatani. Mabatani anamwazika pansi, mbwee!

"Iwe! Tuluka muno!" anakalipa amayi.

Kamphepo anatuluka. Mtima wake unkagunda, thi, thi, thi. Misozi inatsika.

Panja anapeza achimwene ake akupopa mpira. Achimwene ndi agoloboyi a timu ya kusukulu.

"Watani, mlongo wanga?" anafunsa achimwene.

"Amayi sakundifuna," anayankha Kamphepo.

"Amakufuna. Ntchito yangowachulukira," anatero achimwene. "Khala apa. Inenso mtima umandigunda ndikaima pagolo. Ndiye ndimachita chonchi."

Achimwene anaika dzanja pamimba. Kamphepo anaikanso dzanja pamimba.

"Kokera mpweya ndi mphuno, ngati ukununkhiza duwa."

Kamphepo ananunkhiza duwa.

"Tsopano utulutse ndi pakamwa, ngati ukuuzira tiyi wotentha."

Kamphepo anauzira tiyi, fuuu.

"Kweza mapewa afike m'makutu. Asiye agwe."

Mapewa anakwera. Mapewa anagwa. Anabwereza. Anabwerezanso. Mtima wa Kamphepo unakhala pansi.

Kamphepo analowanso m'nyumba, pang'onopang'ono. Anatola mabatani onse. Anatunga madzi m'kapu. Amayi anali atagwira mutu ndi manja awiri.

"Amayi, imwani madzi," anatero Kamphepo.

Amayi anamwa.

"Amayi, ikani dzanja pamimba."

"Ndilibe nthawi, mwana wanga."

"Pang'ono pokha, Amayi. Nunkhizani duwa."

Amayi anayang'ana uku ndi uku. "Duwalo lili kuti?"

"Tsinzinani, muliona."

Amayi anatsinzina. Ananunkhiza duwa.

"Tsopano uzirani tiyi."

Amayi anauzira tiyi, fuuu. Ananunkhizanso duwa. Anauziranso tiyi. Mapewa anakwera. Mapewa anagwa.

Amayi anatsegula diso limodzi. "Kodi tiyi ameneyu wathira shuga?" anafunsa.

Kamphepo anaseka. Amayi anasekanso. Anaseka mpaka kugwira nthiti.

Kenako amayi anamukhazika pamiyendo. "Pepa, mwana wanga. Ndinakukalipira kwambiri. Ndinatopa."

"Nanenso pepani, Amayi. Ndinataya mabatani."

Kamphepo ali ndi maso akuthwa. Analowetsa ulusi pa singano. Makina analiranso, tiki-tiki-tiki. Mkono woyamba unatha. Mkono wachiwiri unatha. Diresi linatha!

"Mayo, msana wanga!" anatero amayi.

"Imirirani tidziwongole," anatero achimwene ali pakhomo.

Onse atatu anakweza manja m'mwamba. Anapendekera kumanja. Anapendekera kumanzere.

"Odi! Odi!" Anali mwini diresi. Anaima pakhomo ali wefuwefu. "Kodi muno mukuthyola zipatso za kudenga? Nanga diresi langa?"

"Ili apa, latha," anatero amayi.

Mwini diresi analigwira. Analitembenuza. Anamwetulira.

"Ndathamanga njira yonse," anatero. "Mtima uli m'mwamba!"

Kamphepo anakoka mpando. "Khalani pansi, azakhali. Ikani dzanja pamimba."

"Mverani aphunzitsi athuwa," anatero amayi. Anamukumbatira Kamphepo, gwa! Ndipo nyumba yonse inati fuuu.